Dzanja Lofatsa: Mbiri ya Oyendetsa Ndege Zakale pa Lusaka

Munthu wocokera ku Cairo Road kulowera kum'mawa, akapitirira nyumba za Boma nafika ku Longacres, apeza mpanda wautali, ndi m'kati mwace bwalo lalikulu losalala. Masiku ano bwalolo liri m'manja mwa asilikari a ndege a dziko la Zambia, ndipo mzinda walizinga mbali zonse: Kabulonga ndi Woodlands ca kumwera, Kalingalinga ca kum'mawa. Koma kufikira caka ca 1967 ilo ndilo linali khomo la Lusaka kwa onse oyenda m'mlengalenga. Akulu a Boma, amalonda, amishoni ndi odwala anatsikira pamenepo. Ndipo ana a ku Kabwata, amene sanayembekeze kuti adzakwera ndege pa moyo wao, anadziwa kusiyanitsa ndege zija ndi malilidwe ace okha.

Ndege za masiku amenewo zinali ndi makina othandiza woyendetsa, koma makinawo anali a nzeru zocepa. Cifukwa cace ulendo wabwino, wosagwedeza anthu ndi wosatopetsa citsulo, unadalira mutu ndi dzanja la munthu wokhala kutsogolo. Luso limenelo liri ndi mbiri yace, ndipo iyenera kusungidwa, pakuti amene analidziwa alikutha.

BWALO NDI NDEGE ZACE

Boma la Northern Rhodesia linasamutsa likulu lace kucokera ku Livingstone kudza ku Lusaka mu 1935, ndipo bwalo la ndege linakonzedwa pamodzi ndi mzinda watsopanowo, mailosi atatu okha kucokera ku njanji. Nkhondo yaikulu yaciwiri itatha, mu 1946, maiko atatu, ndiwo Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, anasonkha cuma nayambitsa kampani imodzi, Central African Airways. Pa magawo 100 a cumaco Southern Rhodesia anapereka 50, Northern Rhodesia 35, ndi Nyasaland 15. Likulu lace linali ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Ambiri mwa oyendetsa ace anali amuna amene anaphunzira nchitoyo pa nkhondo.

Ndege zimene zinasenza anthu ambiri a kampaniyo zinali Viking, yopangidwa ndi a Vickers ku England, ndi Dakota, imene eni ace a Douglas ku America anaicha DC-3, nayamba kuiulutsa pa 17 December 1935. Zonse ziwiri zinali ndi injini ziwiri ndi kagudumu ku mcira, kotero kuti poima pansi mphuno inaloza kumwamba, ndipo wolowa pa khomo la kumbuyo anacita kukwera citunda kunka ku mpando wace. Zinauluka kucokera ku Lusaka kunka ku Ndola, ku Livingstone, ku Salisbury, ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata.

Cosowa cacikulu ca ndegezi cinali cakuti sizinasunge mpweya wa izo zokha. Wa m'kati unali womwewo wa kunja. Oyendetsa ndege amayesa kutalika ndi mapazi, kuyambira pa madzi a nyanja yamcere, ndipo kupitirira mapazi 10,000 mpweya umacepa, anthu nayamba kupuma mobvutika. Tsono Lusaka mwini ali kale pa mapazi 4,200, ndiwo mamita 1,280. Ndiko kunena kuti Dakota youluka pa mapazi 9,000 inasiyana ndi mitengo mapazi osakwana 5,000, ndipo inayenda m'kati mweni mweni mwa mphepo zobvuta, zimene ndege za lero zimazisiya kutali pansi.

GEORGE

Makina othandiza kugwira ciongolero si a dzulo ai. Mu June 1914, pa mtsinje wa Seine ku Paris, mnyamata wa ku America, Lawrence Sperry, anauluka pamaso pa khamu la anthu manja ali m'mwamba, mnzace alikuyenda pa phiko, ndipo ndege siinapendeke. Cinsinsi cace cinali nguli. Mwana ali yense amene anakwapulapo nguli adziwa kuti ikamazungulira msanga imaima njo, nikana kugwa. Makina a Sperry amene anaikidwa m'ma Dakota ambiri anali ndi nguli ziwiri zacitsulo m'kabokosi patsogolo pa woyendetsa, zozunguzidwa ndi mpweya wokokedwa ndi injini. Imodzi inasunga mbali imene ndege inalinga, inzace inasunga kulingana kwa mapiko ndi mphuno. Ndege ikapendeka, kabokosi kanapendeka nayo, koma nguli inatsala ciimire. Kusiyana kumeneko kunatsegula timabowo, ndipo mafuta othinikizidwa anakoka zingwe za ku mapiko ndi ku mcira kufikira ndege itaongoka. Oyendetsa a Cingerezi anawapatsa makinawa dzina la munthu, nawacha George.

Koma George anali ngati ng'ombe yozolowera goli: iyenda molunjika mumzere umene aiikamo, koma siidziwa pothera munda. Sanadziwe kutalika kwa ndege. Anangosunga mphuno pamene anaipeza. Akaipeza itadzuka pang'ono, ndege inakwerabe nitaya liwiro. Akaipeza itawerama, inatsikabe, ngakhale patsogolo pali phiri. Sanakhudze injini, sanaone mtambo, sanadziwe kumene kuli Lusaka. Ndiponso nguli yosunga njira inali kusokera pang'ono pang'ono, mwa kukhuzana kwa zitsulo ndi mwa kuzungulira kwa dziko lapansi, kotero kuti pa mphindi 15 ziri zonse woyendetsa anayenera kuilinganiza ndi kampasi.

Lamulo loyamba linali lakuti George apatsidwe ndege yokhazikika kale. Kumbuyo kwa mcira ndi kwa phiko kuli tizitseko ting'ono, timene woyendetsa amatisuntha ndi kagudumu ka pafupi ndi bondo lace. Iye anatembenuza kagudumuko pang'ono pang'ono kufikira ndege itayenda molunjika iye atacotsa manja. Anafananitsa zizindikiro za pa nkhope ya George ndi maimidwe a ndege. Ndipo pamenepo pokha anakoka mkono wolumikiza. Wothamangira kulumikiza asanacite zimenezi anadziwika msanga kwa onse a kumbuyo, pakuti ndege inadzidzimuka, tiyi natayikira pa maondo a anthu.

Panali msampha winanso. Pa ulendo kulemera kwa ndege kunali kusuntha: mafuta anali kucepa m'matanki, ndipo munthu mmodzi akanyamuka kunka ku cimbudzi, cimene cinali ku mcira, mphuno inafuna kudzuka. George anagwira zonsezo ndi mphamvu, monga mtengatenga wosenza katundu wopendekera amene sanena kanthu. Koma pa kumcotsa, mphamvu yobisika ija inatuluka nthawi imodzi, ndege nigwa mphuno kapena kudumpha. Cifukwa cace woyendetsa wanzeru anamcotsa George nthawi ndi nthawi, nalinganizanso ndege ndi dzanja, nambwezera. Panalinso tizitsekero ta mafuta aja, tonga ta pa mpope wa madzi: tikatseguka kwambiri, George anagwedeza ndege uku ndi uku monga galu agwedeza mcira, tikatsekeka kwambiri, anacita ulesi. Pakati pace panapezeka mwa kuzolowera.

KUNYAMUKA

Pali nchito ziwiri zimene George sanapatsidwe konse: kunyamuka ndi kutera. Pa Lusaka kunyamuka kunali ndi bvuto lace. Mpweya wa dziko lokwera ngwopepuka, ndipo kutentha kumaupepuza koposa. Masana a October, kutentha kukafika pa madigiri 32, ndege iri pa bwalo la mapazi 4,200 inacita monga iri pa mapazi 7,000: mapiko sanagwire mpweya bwino, mapulopela, ndiwo nkhafi zopalasa mphepo, sanakoke kwambiri, ndipo inathamanga mtunda wautali isanadzuke. Cotero kaputeni anawerenga kulemera kwa anthu, katundu ndi mafuta asanatseke khomo, ndipo cimene cinapitirira muyeso cinatsala kudikira ndege ina.

Ndege ya gudumu la ku mcira iri ndi khalidwe lofuna kupotoloka kuti mcira utsogole. Woipatsa moto wonse mwadzidzidzi anaiona irikukhotera kuthengo. Wodziwa anakankha mikono ya injini mosalekeza koma mosafulumira, miyendo iri cheru pa zopondera za ciongolero ca ku mcira. Anadzutsa mcira pang'ono pang'ono. Ndipo ngakhale magudumu atacoka pansi sanakoke mphuno kufikira liwiro litayandikira mailosi 100 pa ola, ndilo liwiro limene Dakota ikhoza kuulukabe nalo injini imodzi ikafa. Kuseri kwa mpanda kunali nyumba za anthu, ndipo wonyada wofuna kukwera ngati kabawi akadaika iwonso m'tsoka. Atakwera, anacepetsa moto nachera khutu. Mapulopela awiri akasiyana liwiro pang'ono, m'ndege munamveka kugunda kobwerezabwereza kumene kunawawitsa anthu mitu. Iye anasuntha mkono umodzi kufikira injini ziwiri zitaimba mau amodzi.

MPHEPO NDI MVULA

Dzuwa likakwera, nthaka imatentha, ndipo mpweya wofunda umanyamuka m'mizati yosaoneka. Ndiyo imene miimba imakwerapo osakupiza mapiko, ndiyonso imabala kabvumvulu m'minda. Ndege yolowa mu mzati wotere imakwezedwa, ndipo ikatulukamo imagwa. Pa nsonga pa mizatiyo pamakhala timitambo toyera, ndi pamwamba pa timitamboto mpweya uli phee. Woyendetsa wosamala anthu anafuna kufika kumeneko, koma m'miyezi yotentha timitamboto tinali patali kuposa pamene anthu akhoza kupuma bwino. Ndico cifukwa cace oyenda odziwa anasankha ndege ya mbanda kuca.

Zikabvuta, njira inali imodzi: kucepetsa liwiro, kusunga mphuno ndi mapiko molingana, ndi kulola ndege ikwere ndi kutsika monga mphepo ifuna. Wophunzira kumene amathamangitsa muvi woonetsa kutalika. Ndege ikakwezedwa aikankhira pansi, ikagwa aikokera m'mwamba, naonjeza kugwedeza kwace pa kwa mphepo. Msodzi wa pa Nyanja ya Malawi adziwa kuti wopalasa bwato salimbana ndi funde liri lonse. George analibe nzeru imeneyi. Analimbana ndi mafunde onse, kawiri kawiri mocedwa. Cotero mphepo ikakula anamcotsa, munthu nagwira yekha.

Sikunali kusamala mimba za anthu kokha ai. Kugwedezeka kuli konse kumapinda phiko pang'ono, ndipo citsulo copindidwa kambirimbiri cimatopa, monga waya aduka m'manja mwa mwana wopanga galimoto akampinda uku ndi uku. Pa 29 March 1953 Viking ya Central African Airways inathyoka phiko m'mlengalenga ku Tanganyika, ndipo anthu 13 amene analimo anafa onse. Ofufuza anapeza kuti mtanda wa m'kati mwa phiko unali utatopa nung'aluka. Mlandu sunali wa woyendetsa. Koma ngoziyo inaonetsa poyera kuti citsulo cimawerenga nkhonya zonse zimene calandira, ndi kuti dzanja lofatsa limatalikitsa moyo wa ndege.

Nyengo iri yonse inali ndi mdani wace. Kuyambira November kufikira March mitambo ya bingu imakula masana kupitirira mapazi 40,000, ndipo m'kati mwace muli mphepo zokhoza kuthyola ndege. Dakota inalibe makina oonera m'mitambo. Woyendetsa anaiyang'ana ndi maso iri patali, nailambalala, ngakhale ulendo utalike. Ndi muvi womwe wa wailesi, woyenera kuloza ku bwalo, unali kutembenukira ku mphezi. Akale anati cakudza siciimba ng'oma. Koma mtambo wa bingu umaimba, ndipo tsoka liri kwa wosamvera. Kuyambira August kufikira October utsi wa lupsya unaphimba dziko, kotero kuti malire a thambo ndi nthaka sanaoneke. Pamenepo woyendetsa anakhulupirira nguli zace, nafunafuna pansi zizindikiro zosasunthika: njanji yocokera ku Livingstone kunka ku Migodi, mtsinje wa Kafue, ndi mseu waukulu wa kum'mawa.

KUTSIKA

Pa zonse, kutsika ndiko kunaonetsa mmisiri. Popeza mpweya wa m'kati unasintha pamodzi ndi wa kunja, kutsika msanga kunawawitsa makutu, makamaka a ana ndi a odwala cimfine. Mwambo unali wa kutsika mapazi 300 pa mphindi, osapitirira 500. Tsono ndege yocokera ku Ndola pa mapazi 10,000 inayenera kutaya mapazi 5,800 kuti ifike pa bwalo la Lusaka. Pa mapazi 300 pa mphindi ndizo mphindi pafupifupi 20, ndipo pa mphindi 20 Dakota iyenda mailosi 55 kapena 60. Ndiko kunena kuti woyendetsa anayamba kutsika atangopitirira Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, Lusaka asanaoneke ndi maso. Masamu amenewa anacitika m'mutu. Wocedwa kuyamba anatsala ndi njira ziwiri zoipa: kugwetsa ndege ndi kuliza ana, kapena kuzungulira pamwamba pa mzinda ndi kutentha mafuta pacabe. Injini nazonso zinafuna kucepetsedwa moto pang'ono pang'ono, pakuti citsulo cotentha cikazizira mwadzidzidzi cimang'aluka ngati mphika.

Mphepo ya pa Lusaka imacokera kawiri kawiri kum'mawa, ndipo popeza ndege imatera moyang'anana ndi mphepo, zambiri zinadzera kumadzulo, pamwamba pa njanji ndi masitolo. Dakota yotera bwino inakhudza pansi ndi magudumu awiri a kutsogolo, mcira uli m'mwamba, nutsika wokha pamene liwiro linali kutha. Nthawi imeneyo ndiyo inali yoopsya, pakuti mphepo ya m'mbali ikhoza kukankha mcira, ndege nizungulira ngati nguli yomwe ija. Cotero nchito siinathe kufikira ndege itaima ndi injini zitazima. Kuona maso a nkhono nkudekha.

M'masiku a Federation, kuyambira 1953 kufikira 1963, mipando ya kutsogolo ija inali ya Azungu okha. Amuna a ku Kabwata ndi ku Chilenje anasenza katundu, anathira mafuta, nasesa m'ndege, koma ciongolero sanacigwire. Komabe anthu akuda ambiri anauluka m'ma Dakota, pakuti kuyambira 1952 bungwe la Wenela, lolemba anthu a ku migodi ya golidi ya ku Joni, linawanyamula pa ndege zace kucokera ku Nyasaland ndi ku Barotseland kunka ku Francistown. Munthu amene sanakwerepo ndi sitima yomwe anakhala maola ambiri m'cipinda cacitsulo, ndipo mtima wace unakhala pansi kapena kuuluka monga mwa dzanja la mlendo amene iye sanamuone nkhope.

VISCOUNT

Mu 1956 Central African Airways inalandira ma Viscount asanu, ena mwa iwo a maina odziwika: Mlanje, Mweru ndi Mpika. Ndegeyi inali ndi injini zinai za Rolls-Royce Dart, zosagunda ngati zakale koma zongozungulira, zolira ngati mluzu. Inasunga mpweya wace m'kati, cotero inakwera kufika mapazi 20,000, pamwamba pa mphepo za masana, niyenda mailosi 300 pa ola. George wace anali wamagetsi ndi wocenjerapo. Eni malonda ananyadira kuti ndalama yoimikidwa ca m'mbali pa thebulo siigwa. Koma nchito ya mutu siinacepe, pakuti ndege yaliwiro ifuna kuti woyendetsa aganizire patali koposa.

Cowawa cinaoneka pa 9 August 1958. Viscount ya dzina la Mpika, pa ulendo wocokera ku Salisbury kunka ku London, inali kutsikira usiku ku bwalo la Benina, pafupi ndi Benghazi m'dziko la Libya, nigunda citunda isanafike. Mwa anthu 54 anafa 36. Ofufuza sanapeze cilema m'injini. Anaona kuti woyendetsa anawerenga molakwa muvi woonetsa kutalika, ndipo anachula kutopa monga cimodzi ca zimene zikadampangitsa. Ndege inali yatsopano ndi makina ace abwino, koma panalibe makina okhoza kuona m'malo mwa munthu.

MASIKU A UFULU

Zambia analandira ufulu pa 24 October 1964. Caka comweco Zambia Airways inayamba pansi pa Central African Airways, ndipo mu 1967 inaima payokha mothandizidwa ndi Alitalia ya ku Italy. Kampani yakale ija inatha pa kutha kwa cakaco. Mu 1967 momwemo bwalo latsopano linatsegulidwa kunja kwa mzinda, kumene munthu afika akapitirira Chelstone napatuka pa mseu wa kum'mawa. Mseu wace woterapo ngwa mapazi pafupifupi 13,000, ndipo kuyambira 2011 liri ndi dzina la Kenneth Kaunda. Ma Dakota anasiyira malo ma HS 748. Mu 1984 inafika DC-10 ya dzina la Nkwazi. Ndipo pa mipando ya kutsogolo panakhala ana a dziko lomwelo, kufikira kampaniyo inatsekedwa mu December 1994.

Zidzukulu za George lero zimasunga kutalika, zimayesa moto wa injini, zimatsata njira yonse, ndipo zina zimateretsa ndege m'nkhungu. Ngozi zacepa kwambiri cifukwa ca izo. Koma pa 1 June 2009 ndege ya Air France, yocokera ku Rio de Janeiro kunka ku Paris, inakomana ndi mitambo usiku; madzi oundana anatseka timipope toyesa liwiro, makina nabwezera ndege m'manja mwa anthu. Wogwira ciongolero anakoka mphuno m'mwamba kufikira mapiko ataleka kugwira mpweya, ndipo anthu 228 anathera m'nyanja ya Atlantic. Mu 2013 oyang'anira za ndege a Boma la America analangiza makampani kuti oyendetsa ao aziyendetsako ndi manja, kuti luso lisawathawe.

Langizo limenelo silikadadabwitsa oyendetsa a pa bwalo lakale la Lusaka. Iwo anadziwa kuti makina amasunga cimene apatsidwa, cabwino kapena coipa, ndi kuti tsiku lina adzacibweza. Cifukwa cace analinganiza ndege asanaipereke, anaiyang'anira iri m'manja mwa George, nakhala okonzeka kuilandira. Mphotho yao inali yaing'ono ndi yosalembedwa m'buku: mwana amene anagona pa Ndola nadzuka pa Lusaka, osadziwa kuti ndege yatera.